Chiphaso Sichiswa Matemba

Amalume anga adasodza pa nyanja ya Chilwa kwa zaka zoposa 30, ndipo adali munthu woopa boma. Chaka chilichonse ankakadula chiphaso cha matchera awo, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika m'chitini cha mkaka chomwe chinkakhala kudenga. Atatisiya, abale adandipatsa chitinicho ine monga mphwawo wopita kusukulu kuti ndione ngati mudali pepala lofunika. Ndidawerenga ziphasozo chimodzichimodzi. Pa chilichonse padali dzina lawo, mtundu wa ukonde, ndalama imene adalipira ndi chidindo. Cha chaka chomwe nyanja idasefukira mpaka m'minda chinkanena zofanana ndi cha chaka chomwe madzi adalekeza m'mawondo. Munthu wongowerenga mapepalawo sakadadziwa kuti nyanjayi ili ndi zaka za mwanaalirenji ndi zaka za njala.

Apo m'pamene ndidakumbukira zomwe adandifunsa tsiku lina tikusoka ukonde pakhonde. "Mphwanga," adatero, "pepalali limandiloleza ine kulowa m'madzi. Koma tandiuza, ndani amene limamuletsa?" Nthawi imeneyo ndidangoseka, poganiza kuti ndi kudandaula kwa munthu wokalamba. Lero ndikuona kuti funso lawolo ndilo mutu wa mlandu wonse. Chiphaso chophera nsomba, monga momwe tikuchigwiritsira ntchito kwathu ku Phalombe ndi m'madoko ena a Chilwa, changosanduka risiti. Chimasonyeza kuti munthu walipira, basi. Sichiwerenga makoka amene ali m'madzi, sichiyang'ana kuti madziwo afika pati, ndiponso sichifunsa kuti mwini weniweni wa khoka ndani. Ine ndikuti chiphaso chotere ndi chinyengo. Tikunamiza asodzi, tikudzinamiza tokha, ndipo amene adzalipire bodzali ndi ana athu.

Ndisanapite patali ndiulule kuti nanenso ndine wantchito wa m'boma, ngakhale sindili ku nthambi ya za nsomba. Ndikudziwa mmene ife a m'maofesi timakondera buku la marisiti. Likadzaza timati ntchito yayenda, ngakhale chinthu chimene tidatumidwa kuti tisamale chikuonongeka kunja kwa zenera. Choncho mlandu uno nanenso ukundikhudza.

Tiyambe ndi nyanjayo, popeza ena mwa amene amaikambirana m'misonkhano sadapondepo m'matope ake. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno. Yazunguliridwa ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa yakhudza dziko la Mozambique. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imathira madzi ake mmenemo, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wotulutsa. Ndi nyanja yosaya, yoyalika ngati lichero, kotero kuti m'malo ambiri munthu amayendetsa bwato pongokankha pansi ndi nsungwi. Madzi ake amapita ndi dzuwa. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tidaonanso zomwezo. Ya 1995 ndidaiona ndi maso angawa ndili mnyamata wa kusekondale: mabwato ali chafufumimba pa matope ong'ambika, anthu akuyenda pansi pomwe dzana ankaponyapo matchera.

Chodabwitsa n'chakuti nyanjayi imabwerera. Nsomba zake zazikulu ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Madzi akaphwa, zotsala zimakabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'njedza. Mvula ikabwera bwino zimatsikiranso kunyanja, n'kuswana, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu madengu amayambanso kudzaza. M'zaka zake zabwino Chilwa ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Mu 1997 adalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar, malo oyamba m'dziko lathu kulandira ulemu umenewu. Koma ulemu weniweni wa Chilwa uli m'mbale. Matemba ake ndiwo ndiwo za munthu wosauka ku Migowi ndi ku Chiringa, mpaka ku Limbe ndi ku Ndirande. Nyanja yotere ili ngati munda wa kudimba: chaka china imatha kudyetsa makoka ambiri, chaka china ochepa, chaka china osadyetsa n'limodzi lomwe. Nanga bwanji chiphaso chake chimakhala ndi nkhope imodzi chaka ndi chaka?

Wina asaganize kuti tilibe lamulo. Lilipo, ndipo pa pepala ndi labwino ndithu. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuyendetsa za nsomba, ndipo mu 2000 padatuluka malamulo ang'onoang'ono olitsatira. Lamuloli limafuna kuti wopha nsomba za malonda akhale ndi chiphaso. Limapereka mphamvu yoletsa zida zina, yoika kukula kwa maso a ukonde ndi yotseka nyanja nthawi imene nsomba zikuswana. N'chifukwa chake ku Chilwa makoka amaletsedwa m'miyezi ya mvula kuyambira mu Disembala. Lidatsekulanso khomo loti anthu a m'mbali mwa nyanja azitengapo gawo kudzera m'makomiti a m'madoko, aja timangowatchula kuti ma BVC.

Pa nyanja ya Malawi, kumene kuli zombo zikuluzikulu zokoka makoka ndi injini, chiphaso chimanena dera limene chombo chiyenera kusodzamo, ndipo chombocho sichiloledwa kufika m'madzi osaya a kufupi ndi gombe. Kaya zimatsatidwa bwino kaya ayi, anzathu a ku Mangochi ndi ku Salima ndiwo anganene. Koma mfundo yake ndi yomveka kwa aliyense: chiphaso ndi malire. Ku Chilwa kulibe zombo zotero, madzi ake sangazinyamule. Pachifukwa chimenechi onse osodza kumeneko adaponyedwa m'thumba limodzi lolembedwa kuti asodzi ang'onoang'ono. Chinyengo chija chagona m'thumba limeneli.

Kodi msodzi wamng'ono ndani? Ine ndikudziwa munthu wa bwato limodzi logoba, miono ingapo ndi matchera awiri osokasoka, amene akagwira dengu limodzi amagulitsako theka kuti agule ufa ndi sopo. Ameneyo ndi wamng'ono, palibe angatsutse. Koma ndikudziwanso za munthu wa makoka anayi kapena asanu, maboti a matabwa ndi gulu la anyamata okoka, amene iye mwini amakhala m'tauni ndipo phazi lake silidziwa matope a Chilwa. Nsomba zake zimakwera galimoto zikangotsika m'boti. Anyamata ake amatha milungu ali m'zimbowera, tinyumba tija toyandama pa njedza, akumwa madzi omwewo amene akudzithandiziramo. Kolera ikabuka imayambira kwa iwo. Mu 2016 padachita kufunika ntchito yapadera yopereka katemera wa kolera kuti afike kwa asodzi a m'zimbowera. Mwini khoka sagona m'chimbowera. Ameneyu ndi wamalonda kwathunthu, chimodzimodzi mwini chombo wa ku Mangochi. Kusiyana kwake n'kwakuti chombo chake wachigawa m'maboti asanu, ndipo pochigawa chomwecho wazemba malire onse amene mwini chombo amakumana nawo.

Chaka china ndili pa tchuthi ndidafika pa doko lina m'boma lathu lomweli, nthawi imene nyanja idali itangotsekulidwa. Ndidapeza anthu ataunjikana, pakati pawo pakuyaka moto. Zinkapsazo zidali neti za udzudzu zolandidwa kwa tianyamata, ndipo kamnyamata kena kadaima poteropo misozi ili mbwembwembwe. Sindikukaikira kumbuyo. Neti ya udzudzu imakokolola ndi timwana tomwe ta nsomba, komanso idaperekedwa kuti iteteze ana ku malungo. Koma chapafupi pomwepo anyamata ena ankakweza m'boti khoka lalikulu, ndipo kuthumba kwake kudasokedwa nsalu ya maso ang'onoang'ono osasiyana ndi a neti zinkapsa zija. Ndidafunsa mkulu wina wa m'komiti kuti nanga ilo bwanji. Adati, "Bwana, amenewo ali ndi mapepala." Nditafunsa kuti mwini wake ndani, adayang'ana kumbali nati, "Ndi akuluakulu ena a m'tauni." Khoka limenelo pa kukoka kumodzi linkaononga kuposa neti zonse zidapsa tsikulo. Pepala limene lidayenera kukhala chingwe chomanga mwini khoka lidasanduka chishango chake. Lamulo lathu ndi ukonde wodabwitsa: umakola matemba, milamba n'kumadutsa.

Ndikalankhula chonchi pali anthu a magulu awiri amene amandiyankha, ndipo onse ndikuwatsutsa.

Oyamba amati, "Mwaonatu, ziphasozi n'zachabechabe, zingothetsedwa. Nyanja ndi ya Mulungu, nsomba sizitha." Mawu amenewa amamveka kwambiri nthawi ya kampeni, pamene ofuna mavoti amafika m'madoko n'kumalonjeza kuti akadzapambana palibe adzalande ukonde wa munthu. Ndi mawu okoma m'khutu, koma akafunse anthu a ku nyanja ya Malombe. Kumeneko chambo chinkagwidwa chochuluka m'zaka za m'ma 1980. Makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, n'kumapala pansi pomwe chambo chimaswanirana, pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 chambocho chidali chitazilala. Mu 1993 boma lidayambitsa kumeneko ndondomeko yosamalira nsomba mogwirizana ndi anthu, koma madzi akatayika saoleka. Ngati Malombe akuoneka ochepa, tione nyanja yamchere. Mu 1992 boma la Canada lidatseka usodzi wa nsomba yotchedwa cod ku Newfoundland, nsomba imene anthu adaipha kwa zaka mazanamazana akukhulupirira kuti siingathe, ndipo anthu zikwizikwi adasowa ntchito nthawi imodzi. Mulungu adalengadi nyanja, koma adalenganso nkhalango ya m'phiri la Michesi, ndipo tonse tikuona mmene yapitira. Komanso tisaiwale kuti zombo za ku Canada zija zidali ndi ziphaso zake. Pepala losaika malire silidapulumutsepo nsomba kwina kulikonse.

Chomwe chimatipusitsa ife a ku Chilwa ndi kukhululuka kwa nyanja yathu. Poti yaphwa n'kubwerera kangapo, tikuyesa kuti idzabwerera nthawi zonse ngakhale tiichite zotani. Tikuiwala kuti imabwerera chifukwa cha mbewu yotsala m'mitsinje. Itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a boma adagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje kwa anthu othira katupe, ndipo makomiti a m'madoko a Chilwa adayambira m'nyengo yomweyo. Adadziwa kuti m'maiwemo ndimo mudali nkhokwe. Tsono ngati madzi akangobwerera tilola makoka onse kukhamukira m'nyanja chifukwa choti eni ake alipira, tikusiyana bwanji ndi mlimi wokazinga mbewu mvula itagwa? Onjezanipo kuti mitsinje yomweyo ikukwiririka ndi mchenga chifukwa mitengo yatha kumtunda, ina mwa iyo yothera kuwamba nsomba zomwezi. Nkhokwe ikuchepa pamene manja otapa akuchuluka.

Gulu lachiwiri ndi la anzanga a m'maofesi. Iwo amati, "Mukunena zoona, koma tilibe mafuta, boti lidaonongeka, alangizi ndi ochepa, nyanja ndi yaikulu." Sindikukana, umphawi wa m'maofesi a m'maboma ndimaudziwa. Koma taonani zimene adachita anthu opanda galimoto ngakhale imodzi. Ku nyanja ya Chiuta, kumpoto kwa Chilwa, asodzi ataona kuti makoka a nkacha obwera ndi alendo akuwathera nsomba ndi kuwadetsera madzi, mu 1995 adapangana okha, napanga makomiti awo, nathamangitsa eni makokawo. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya mvula, anthu onse n'kuchoka pachilumbapo mpaka tsiku lotsekulira. Amenewa sadadikire mafuta ochokera ku Lilongwe. Munthu amasunga chimene akudziwa kuti n'chake. Vuto la Chilwa n'lakuti taika komiti pa doko n'kuilanda mano. Taipatsa mphamvu yotentha neti ya kamnyamata, koma pa khoka la munthu wa mapepala taiuza kuti ikhale chete.

Kudandaula kokha sikumanga mudzi, choncho ndinene zimene ndikufuna.

Choyamba, chiphaso chilekanitse wosodza kuti adye ndi wosodza kuti alemere. Wa bwato limodzi ndi miono yake angolembetsa dzina pa doko, asavutitsidwe. Wa khoka atengedwe monga wamalonda. Chiphaso chikhale m'dzina la mwini weniweni, osati la kapitawo wake, ndipo pakhale malire a makoka amene munthu mmodzi angakhale nawo pa nyanja yonse. Nambala ya chiphaso ilembedwe ndi penti pa boti, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale mwana wa sitandade 3 awerenge ali pamtunda.

Chachiwiri, chiwerengero cha ziphaso za makoka chizitsata madzi. Izi sizifuna nzeru zochokera kunja. Nthambi ya za nsomba imachita kale kalembera wa asodzi, mabwato ndi zida m'madoko, ndipo kukwera ndi kutsika kwa madzi a Chilwa kwakhala kukuyesedwa kwa zaka zambiri. Chotsala n'kungoti mabuku awiriwa akumane ndi buku la marisiti. Chaka cha madzi ambiri ziphaso zichuluke, chaka cha madzi ochepa zichepe. Nyanja ikaphwa n'kubwerera, makoka ayambe adikira kufikira nsomba zitaswana, matchera a maso oyenera ndi miono ndizo zitsogole.

Chachitatu, mndandanda wa onse olandira ziphaso za makoka ukhomedwe pa doko lililonse, m'Chichewa, ndipo chiphaso chisatuluke popanda komiti ndi mfumu ya pamalopo kuvomereza pa msonkhano wa anthu onse. Wopezeka atasoka nsalu yoletsedwa kukhoka, kapena akukoka nyanja ili yotseka, alandidwe chiphasocho. Chindapusa chokha sichimuopsa, poti amachibweza ndi kukoka kwa usiku umodzi.

Chachinayi, gawo looneka la ndalama za ziphaso lizibwerera pa doko pomwe zachokera, likhale mjigo, zimbudzi ndi mathandala oyanikapo matemba. Amalume anga adalipira zaka zonse zija koma adamwalira akumwabe madzi a m'nyanja. Msodzi akaona mjigo wochokera m'thumba mwake, sadzafunika womukakamiza kudula chiphaso, ndipo mnzake wozemba adzamuulula yekha.

Chachisanu, nyanja ndi imodzi. Temba silidziwa kuti pano ndi pa Phalombe, apo ndi pa Zomba, uko ndi ku Mozambique. Khoka lokanidwa ku Swang'oma lisamakalandiridwe ku Kachulu kapena ku Mposa. Maboma atatuwa akhale ndi buku limodzi la ziphaso, ndipo boma lathu likhale pansi ndi anzathu a tsidya lija, chifukwa kutseka mbali imodzi ya nyanja inayo ili yotsekula ndi kutunga madzi ndi dengu.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo sindichipeputsa. Adzati makoka akachepa, anyamata okoka adzadya chiyani, m'boma lomwe minda ndi yochepa, lomwe madzi osefukira adalikantha mu 1991 ndipo namondwe wa Freddy adalikanthanso mu 2023? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndikadanama ndikadati palibe amene adzamve kuwawa. Koma ntchito ya mnyamata wokoka khoka imatha ndithu tsiku limene nsomba zatha, ndipo pamenepo amavutika ndi onse, wa miono ndi mayi wogulitsa matemba pa msika omwe. Mwini makoka amangokweza katundu wake pa lole kupita kunyanja ina, anyamatawo n'kuwasiya pa matope. Malire amateteza amene alibe kothawira. Adzatinso ziphaso zikachepa ziphuphu zidzachuluka, ndipo eni makoka adzagula makomiti. Zimenezi n'zotheka, ndipo m'madoko ena makomiti adalowereredwa kale. N'chifukwa chake ndikulimbikira za mndandanda wokhomedwa poyera ndi msonkhano wa anthu onse. Katangale amakonda chipinda chotseka. N'kosavuta kugula munthu mmodzi wosunga buku, koma kugula doko lonse likuona n'kovuta.

Mwana wa amalume anga adatenga bwato la atate ake ndipo akusodzabe. Nayenso ali ndi chitini chake. Ndikapita kumudzi amandipatsira matemba m'kathumba, ndipo ndimaona ndekha kuti kathumbako kakunka kachepa. Sadandifunsepo funso la atate ake lija, mwina poopa kuti ndine wa m'boma. Koma funsolo likadali pomwepo, ndipo ndikulipereka kwa aphungu athu, kwa makhansala a Phalombe, Zomba ndi Machinga, kwa mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi kwa anzanga osunga zidindo. Pepala limene mukugulitsa kwa msodzi wa ku Chilwa likumuloleza kulowa m'madzi, tamva. Nanga ndani amene likumuletsa? Tsiku limene mudzathe kutchula dzina ndi chiwerengero, mudzakhala mukupereka chiphaso. Kufikira tsikulo, lembani pamwamba pake kuti risiti, kuti msodzi adziwe chimene wagula.